Zitenje pa Mikangala

Mwana wanga woyamba anabadwa mvula ikutha, fodya ali lendelende m'zigafa, chaka chimene matenda a korona anafika. Ndinachirira ku chipatala cha ku boma, ku Lundazi, ndipo tsiku lotuluka anamwino anali atayamba kale kuvala zotseka pakamwa. Mmodzi anandiika mwana m'manja, mawu ake akumveka ngati akuchokera mumgolo, nati, "Mayi, mwanayu musamapereke kwa anthu. Aliyense azimuonera patali."

Ine ndinamva. Abale inu, ndinamva mopitirira. Mawu amenewo ndinakwera nawo galimoto, ndinatsika nawo pamsewu, ndinakwera nawo njinga kumbuyo kwa bambo ake mwana mpaka kumudzi kwathu ku Magodi. Aliyense amene tinkakumana naye m'njira akati "Monire," ine ndinkatembenuzira nkhope ku chimanga, mwana nditamufinya pachifuwa.

Kwathu kwenikweni ndi ku Kasungu. Makolo anga anabwera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ine ndili kamtsikana, sukulu ya pulayimale ndinaphunzira konkuno, ndipo iwo atabwerera ine ndinatsala chifukwa cha banja. Amayi anga anali atalonjeza kuti adzabwera kudzakhala nane m'chikuta. Anali atamanga kale katundu, ufa ndi nyemba zomwe, koma kuwoloka malire kunavuta, basi tinkangolankhulana pafoni. Apongozi anga aakazi anamwalira ine ndisanakwatiwe. Choncho m'nyumba munali ine, bambo ake, ndi kamwana kakakazi kamene sindinkadziwa n'kukasambitsa komwe.

Tsono mpingo wathu uli ndi mwambo wake, umene sindinauone kwina. Mwana akatuluka m'chikuta, Lamulungu lake loyamba kutchalitchi amayi onse amamubereka. Nyimbo imayamba, mayi mmodzi amamuika kumsana ndi chitenje chake, amavina naye ndime imodzi, n'kupatsira mnzake, mnzakeyo n'kupatsira wina, mpaka mwana atazungulira misana yonse. Akatha, mkulu wa mpingo amafunsa m'Chitumbuka kuti mwanayu ndi wa yani, ndipo amayi onse amayankha pamodzi, "Ngwithu!" Ndi wathu. Kuyambira tsiku limenelo mayi aliyense wa mumpingo akhoza kumunyamula osapempha, kumupukuta mamina, kumudyetsa phala, akakula kumukalipira. Zisanachitike zimenezi palibe amene amamugwira. Angakhale akulira pamphasa, odutsa amangoitana amake.

Pali ndi kanthu kena kamene amayi amakakonda kuposa nyimbo. Mwana akakodzera chitenje cha munthu, ameneyo ndiye amayi ake aakulu. Mwini mwana akadwala, woyamba kuitanidwa ndi ameneyo. Amayi ena amachita kumugwedeza mwana dala kuti zituluke pa iwo.

Mwambo umenewu ndinkaudikira ndili ndi pakati. Ndinkati tsiku limenelo ndidzasiya kukhala wa ku Kasungu uja. Koma tchalitchi chinatsekedwa ine ndili m'chikuta, ndipo ndinatsala ndi mantha awiri amene sankagwirizana. Oyamba anali a manja a anthu. Dzanja lililonse ndinkaliona ngati lanyamula matenda, langa lomwe, moti ndinkasamba m'manja mpaka khungu kuyera ngati ndagwira phulusa. Achiwiri ankandipeza ndikamachapa matewera. Nanga matendawa akagwira ine? Bambo ake ali kumunda kapena apalasa njinga kukagulitsa mtedza ku boma, ine ndagona sindikudzuka, mwana akulira, ndipo m'mudzi monse mulibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anganene kuti ngwithu. Ndinkafuna kuti wina asamugwire. Ndinkafunanso kuti akhale ndi omugwira. Mutu unkangozungulira.

Mpingo sunakhale chete nthawi yonseyo. Belu lathu ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo Lamulungu lililonse mkulu wa mpingo ankachimenyabe, tchalitchi chili chotseka. Chikalira, banja lililonse linkatuluka n'kuima pakhomo pake. Kumtunda kwa mudzi kumakhala amayi ena amene amayambitsa nyimbo kutchalitchi, anthu aakulu thupi, amene amagulitsa mtedza pamsika wa Lundazi, ndipo mawu awo anazolowera kupikisana ndi ma minibasi. Iwowo ankayambitsa nyimbo ali pabwalo pawo. Nyumba yoyandikana nayo inkalandira, kenako yotsatira, nyimbo n'kumatsika mudzi pang'onopang'ono. Pofika kwathu kumunsi, akumtunda amakhala atalowa kale ndime yachiwiri ife tikadali pa yoyamba. Palibe amene ankadikira mnzake. Atambala ankalowererapo, ng'ombe m'khola nazo. Bambo ake ankaimba ataima panja, ine ndinkaimbira m'kati, chitseko nditatsegula pang'ono pokwana diso limodzi.

Nyengo yozizira itayamba, kunamveka kuti anthu akhoza kusonkhana, bola atalikirane, asambe m'manja, ndipo asachedwe. Koma tchalitchi chathu n'chaching'ono, mawindo ake ngati a nkhokwe. Mkulu wa mpingo, amene ndi mlimi wa fodya, anati, "Fodya ndatsitsa, chigafa chili chabe. Makoma chilibe, mphepo imangodutsa. Aliyense akhale ndi nsanamira yake."

Chigafa chimenecho n'chachitali, denga la udzu, nsanamira zili m'mizere, ndipo chimaoneka bwinobwino kuchokera pa mpanda wathu. Ine sindinapite. Ndinapeza kampata pakati pa udzu wa mpanda, n'kumaonerera mwana ali kumsana. Ndinaona ndowa ya mpopi ndi sopo womangidwa pachingwe kuti ana asathawe naye. Ndinaona anthu akupatsana moni powomba m'manja chapatali. Aliyense anaima pa nsanamira yake ngati mbuzi yomangirira, ena anabwera ndi timipando, ena njerwa. Kadengu ka zopereka anakamangirira kunsonga ya mkangala, ndodo yaitali ija timapachikapo fodya, n'kumakayendetsa m'mizere munthu ali patali.

Ndipo Lamulungu loyamba lomwelo ndinaona zimene zinandiopsa. Mphepo inawomba, fumbi la fodya lotsalira kudenga linagwa, mpingo wonse unayamba kuyetsemula. Abambo, amayi, mkulu wa mpingo Baibulo lili m'manja. Wina atsokomola uku, wina uko. Ndinathamangira m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinati basi, mudzi watha.

Bambo ake anabwera akuseka, misozi ili m'maso. Ndinawaimitsa panja ndi beseni la madzi.

"Musalowe. Ndaona zonse."

"Waona chiyani, make mwana? Ndi fodya uja!"

"Fodya amatsokomoletsa mudzi wonse?"

"Iwe unakulira m'zigafa, ukufunsa ine?"

Anasamba, anasintha malaya panja pomwepo akunjenjemera ndi chisanu, akusekabe. Sabata yotsatira achinyamata anakwera kukagwedeza denga lonse n'kusesa, ndipo kuyetsemula kunachepa.

Koma panali chifuwa chimodzi chimene sichinachepe. Kumunsi kwa nyumba yathu, kuseri kwa nkhokwe, kumakhala amayi ena achikulire, amasiye, ana awo anapita ku migodi. Moyo wawo wonse akhala akusankha fodya, ndipo amatsokomola chifuwa chouma chimene aliyense m'mudzi amachidziwa ngati mmene timadziwira tambala wa mnzathu. Ndinawapeza akutsokomola pamene ndinkakwatiwa. Ku kiliniki anapitako kangapo, anawauza kuti ndi fumbi la zaka zambiri. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma chaka chimenecho makutu anga sankafuna kudziwa. Akati kho kho, ine mwana ndamulowetsa kale m'nyumba.

Iwo anazindikira. Sanabwerenso pabwalo pathu. M'mawa ndinkangopeza mtolo wa nkhuni m'mphepete mwa mpanda, tsiku lina mbatata, tsiku lina chigubu cha madzi chodzaza. Ankaimirira patali n'kuitana, "Mwawuka uli, amama? Kamwana kagona?" Ine ndinkayankhira pawindo, "Tawuka makora, yewo." Nkhunizo ndinkazisiya padzuwa mpaka madzulo ndisanazigwire. Iwo ankaona, mawa n'kubweretsanso.

Mwana anayamba kumwetulira, khosi linalimba, anayamba kugwira chala. Anthu amene anali atamuona nkhope bwinobwino anali ine ndi bambo ake basi.

Tsiku lina masana ndikuyanika matewera ndinamva mawu aja a ma minibasi kuseri kwa mpanda.

"Odi kuno kundende!"

Anali amayi oyambitsa nyimbo, chotseka pakamwa chosoka okha chili pachibwano. Ataona maso anga anachikweza msanga.

"Ndakweza, ndakweza, usakomoke. Ndaima pano, sindisuntha. Tiuze, unabereka mwana kapena wailesi? Timangomva mawu."

"Mwana, amama."

"Ali ndi mphuno? Makutu alipo onse?"

Ndinaseka ndisanafune. Ndinatembenuka kuti amuone kumsana. Anamuyang'anitsitsa, kenako anati, "Mayo ine, mphumi ya agogo ake." Atatero anandiyang'ana. "Mwanayu akukula wopanda amayi. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

Pamenepo ndinalira. Ndinawauza zonse mothamanga, za anamwino, za manja, za ine kugona osadzuka, mawu akupunthwana. Iwo anangomvetsera atagwira udzu wa mpanda. Nditatha anati, "Anamwino sananame. Ifenso sitikufuna kumugwira, tili ndi nzeru. Ine ndimakhala pamsika tsiku lonse, manja angawa ndikuwadziwa kumene amapita. Koma tinakhala pansi amayi Lachinayi, aliyense pa nsanamira yake, tinakambirana. Ndikufunse. Chimene chimabereka mwana n'chiyani, msana kapena chitenje?"

"Zonse."

"Aa, iwe, ndithandize. Msana ukhale wako. Zitenje zikhale zathu. Aliyense achapa chake ndi sopo, achiyanika padzuwa, tidzakupatsira pa mkangala ngati zopereka. Iwe uzidzamubereka ndi chitenje cha uyu, ndime imodzi, mwini wake akuvina pa nsanamira yake. Kenako cha uyu. Palibe dzanja lidzafike pa mwana."

"Mkulu wa mpingo wavomera?"

"Akana bwanji, akazi ake anali pomwepo."

Ndinati ndiganize. Anati ganiza msanga, sopo wadula. Madzulo ndinaimbira foni amayi anga ku Kasungu. Anafunsa kuti zitenjezo zidzakhala zouma bwino, ndinati inde. Anati, "Ndiye ukudikira chiyani? Upite naye ndi chitenje chija ndinakupatsa pa ukwati, nanenso ndikhalepo."

Sabata imeneyo mudzi unasanduka wa zitenje. Pa zingwe, pa mipanda, pa zitsamba, pa thandala la mbale, paliponse mbee, mitundumitundu. Ine pa kampata kanga ndinkayang'ana kuti ndani wachapa ndi sopo weniweni, ndani wangoviika. Onse anachapa. Amayi oyambitsa nyimbo ankayenda khomo ndi khomo kununkhiza.

Amayi a kuseri kwa nkhokwe anayamba onse asanayambe. Lolemba m'mawa ndinawaona akusonkha moto panja, ataika mphika waukulu umene amaphikira thobwa. Anatulutsa chitenje chabuluu cha nkhanga zachikasu, chimene ndinali ndisanawaonepo atavala. Anachiwiritsa ngati nyemba, akuvundula ndi ndodo. Pochotsa sanachigwire ndi manja. Anachinyamula ndi ndodo yomweyo, madzi akuchucha, n'kuchiponya pa chingwe chakutali ndi nyumba yawo. Chifuwa chikawabwera ankathamangira kuseri kukatsokomolera uko. Chitenjecho chinakhala pamenepo sabata yonse, dzuwa likuchiwomba, mphepo ikuchikupiza, osachiyandikira. Nkhuku ikafika pafupi ankaigenda.

Lamulungu linafika, kozizira, kumwamba kopanda mtambo. Chitsulo chinalira. Ndinamusambitsa mwana, ndinamudzoza mafuta, ndinamuyamwitsa mpaka anakana yekha, ndinamubereka ndi chitenje cha amayi anga. Kuchokera pakhomo pathu kufika pachigafa si patali, koma ndinayenda pang'onopang'ono. Bambo ake ankayenda patsogolo akukupiza manja ngati akuthamangitsa nkhuku, "Patukani, patukani, akubwera a bwana!" Anthu ankaseka m'zotseka pakamwa zawo, maso okha akuoneka.

Ndinasamba m'manja pa ndowa. Anandisiyira nsanamira yapakati penipeni, ndipo zoyandikana nayo zonse zinali zopanda anthu. Nditakweza maso ndinaona kumene fodya amakhala. Mikangala yonse inali ndi zitenje, chilichonse pa ndodo yakeyake, zikugwedezeka pamwamba pa mitu yathu, zofiira, zobiriwira, za maluwa, za nsomba, dzuwa likudutsamo. Ndinaiwala kuopa kwa kanthawi ndithu.

Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, anawerenga mawu mwachidule, anati nthawi ndi yochepa ndipo amayi andiuza kale kuti ndisatalikitse. Kenako amayi oyambitsa nyimbo anakweza mawu.

"Cha ku Kasungu chayamba kale, chawerengedwa! Bweretsani changa!"

Mkangala unabwera, chitenje chili kunsonga, akuugwira akazi a mkulu wa mpingo ali patali. Ndinawerama, mwana ali gone pamsana, ndinamasula cha amayi anga, ndinakoka chinacho, kuponya, kukokera kukhwapa, kumanga pachifuwa. Nyimbo inayamba. Mwini chitenje ankavina pa nsanamira yake manja ali kumbuyo, akugwedeza mwana amene panalibe, akumuyang'ana paphewa, akumuimbira. Ine ndinkavina pakati ndi mwana weniweni. Ndime itatha, mkangala wina unali utafika kale.

Chimene sindinayembekeze ndi fungo. Zonse zinali zochapa, zonse zinkanunkhira sopo ndi dzuwa, koma pansi pa sopoyo chilichonse chinali ndi mwini wake. China utsi wa nkhuni, china mtedza wokazinga, china kapenta, china mafuta odzola a m'kabotolo. Miyezi yonse ija sindinayandikire munthu, ndipo apa amayi a mudzi wonse ankandikulunga mmodzimmodzi. Mwana anadzuka, sanalire, ankangotembenuza mutu uku ndi uku, akugwira m'mphepete mwa nsalu n'kuika m'kamwa. Poyamba ndinkaichotsa. Kenako manja anatanganidwa ndi kumanga.

Werama, masula, ponya, manga, vina. Thukuta linayamba kutsika chisanu chili chomwecho. Ndime za nyimbo zinatha, anayambiranso pachiyambi. Chitenje chilichonse chikachoka, mwini wake ankachilandira n'kuchifufuza ndi manja msangamsanga, n'kufuula mokhumudwa, "Chouma!"

"Gwedeza bwino, iwe!" anatero akazi a mkulu wa mpingo pa nthawi yawo. Chawo chinali chatsopano, chogula ku boma dala. "Dumpha pang'ono!"

"Osaba, amama!" anakuwa amayi oyambitsa nyimbo pakati pa nyimbo. "Changa anangochivinitsa ngati ali pamaliro!"

"Mwanayu munamuyamwitsa koma?"

"Ndi wa ku Kasungu, ndi waulemu, sakodzera eni mudzi!"

Abambo kumbali kwawo ankaseka mpaka kugwira nsanamira. Msana wanga unkayaka moto, koma ndinkaseka nawo, mpweya ukundithera m'chotseka pakamwa, ndikuimba mawu a Chitumbuka amene kale ndinkangong'ung'udza.

Mkangala womaliza unabwerera. Nyimbo inatsika. Mkulu wa mpingo anakonza pakhosi kuti afunse funso lija.

Koma ine maso anga miyezi yonse ija anazolowera kuyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nkhanga zachikasu sizinadutse pamsana panga. Ndinayang'ana uku ndi uku. Chinali kumapeto kwenikweni kwa chigafa, chokhachokha pa mkangala wake. Eni ake sanali pa nsanamira iliyonse. Anaima panja, padzuwa, kutali ndi onse, nsalu yokhuthala itamangidwa kukamwa, manja atapinda pachifuwa.

Amayi oyambitsa nyimbo anaona kumene ndikuyang'ana, anatsitsa mawu. "Anena okha kuti chawo chisiyidwe. Akuti chingokhala nawo pamenepo, usavutike mtima."

Nthawi yomweyo chifuwa chija chinawabwera. Anatembenuka, anawerama, kho kho kho, kutsokomolera kutchire. Thupi langa lonse linati thawa. Mapazi anali atayamba kale kuloza kunyumba. Ndinamva mwana akupuma pakhosi panga, kofunda, kafupikafupi. Ndinaganiza za anamwino aja. Ndinaganizanso za mphika wa thobwa, ndodo ija, nkhuku zogendedwa, sabata yonse ya dzuwa. Pa zitenje zonse zimene ndinavala tsiku limenelo, panalibe chimene ndinachiona ndi maso anga chikuyeretsedwa ngati chimenecho. Ndipo pa amayi onsewo, amene akanamva mwana wanga akulira ine nditagona, nyumba yawo ili pafupi, anali iwowo.

Ndinali ndisanalankhulepo mokweza mumpingo. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana.

"Chatsala chimodzi."

Mkulu wa mpingo anaima ndi pakamwa potsegula.

"Chatsala chabuluu icho. Ndikuchifuna."

Amayi aja anakweza dzanja kukana. "Yayi, mwana wane, leka. Ine ndakondwa kale."

"Amama, munachiphika ngati nyemba, ndinkaona. Mukufuna nkhuni zanu zipite pachabe?"

Chigafa chonse chinaphulika. Amayi oyambitsa nyimbo anati, "Ehe! Wailesi yalankhula!" n'kuyambitsa nyimbo pamwamba kwambiri moti ena analephera kuifikira. Mkangala unabwera, nkhanga zikugwedezeka. Mfundo yoyamba inandipulumuka, sindinama, ndinamanganso. Chitenjecho chinali chofunda ndi dzuwa, cholimba ngati pepala, ndipo sichinkanunkha kanthu, ngakhale fodya.

Ndinavina nditatembenukira kwa iwo. Poyamba anangoima. Kenako phewa limodzi linayamba, kenako manja anapita kumbuyo, anawerama pang'ono, n'kuyamba kupondaponda fumbi panja paja, okhaokha, akugwedeza mwana wawo wosaoneka. Ankavina bwino kuposa tonse, mapazi ang'onoang'ono, osafulumira.

Ndime isanathe ndinamva kutentha kumsana. Kunayambira pakati, kunatsika m'chiuno, kunalowa mu siketi. Ndinaima chilili. Akazi a mkulu wa mpingo ndiwo anayamba kuona, anakuwa ngati aona njoka.

"Wathira! Mayo, wathira pa nkhanga!"

Nthungululu zimene zinamveka pamenepo, nkhunda zinathawa padenga. Amayi ankadumpha aliyense pa nsanamira yake, akuikumbatira nsanamirayo poti munthu sakanatha kumukumbatira. Amayi oyambitsa nyimbo ankati mwanayu ndi wachinyengo, anasunga dala, milandu imeneyi ikambidwe. Bambo ake anavula chipewa n'kuchiponya kudenga, fumbi la fodya lotsalira n'kugwa, abambo atatu n'kuyetsemula, ndipo ine sindinathawe. Amayi a kuseri kwa nkhokwe anakhala pansi pafumbi pomwepo, ataphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, mwina zonse.

Mkulu wa mpingo anadikira phokoso litsike, silinatsike, anangofuula funso lake pamwamba pake. Yankho linagwedeza udzu.

"Ngwithu!"

Chitenje chonyowacho ndinachibweza pa mkangala. Eni ake anachilandira ndi manja awiri ngati mphatso ya ukwati. Madzulo ndinachiona pa chingwe chija, ndipo m'mawa mwake nkhuni zimene ndinapeza pa mpanda ndinazitenga nthawi yomweyo n'kusonkhera moto wa phala.

Sindinasiye kuopa tsiku limenelo. Ndinapitiriza kusamba m'manja, bambo ake anapitiriza kusintha malaya panja akachokera ku boma, mwana ankaonedwabe chapatali. Koma Lamulungu lililonse ndinali ndi nsanamira yanga. Ana ena awiri anabadwa chaka chomwecho, ndipo changa nacho chinakwera pa mkangala, ndinavina manja ali kumbuyo, chinabwerera chouma, ndinadandaula mokweza ngati anzanga.

Mvula itayamba, chimanga chili m'mawondo, ndinadzuka tsiku lina thupi likuwotcha, mutu ukung'ambika. Ndinati chija ndinkaopa chafika. Bambo ake anandikweza pa njinga mpaka ku kiliniki, anandiyeza, anati ndi malungo, anandipatsa mankhwala. Titabwerera iwo anayenera kupita kumunda, feteleza anali atathira theka mvula ikubwera. Ndinagona pamphasa, denga likuzungulira, mwana akukwawa pa ine, akulira, akukoka bulauzi, ine manja opanda mphamvu.

Sindinaitane munthu. Ndinangomva kho kho panja, kenako, "Odi, amama." Anaima pakhomo, kukamwa atamanga nsalu, manja akudontha madzi a sopo, chitenje cha nkhanga chili paphewa. Sanalowe. Anangodikira.

Ndinadzikoka mpaka pakhomo, ndinamunyamula mwana, ndinamuika m'manja mwawo ndi manja anga. Anamuyang'ana nkhope nthawi yaitali, pafupi, koyamba. Kenako anamuponya kumsana kamodzi kokha, mfundo kamodzi kokha, mwana n'kugwira nkhanga yachikasu n'kuiika m'kamwa, kulira n'kutha.

"Gona," anatero. "Akafuna bere ndibwera naye."

Ndinawamva akuyenda pabwalo, akuimba nyimbo ija ya m'chigafa chapansipansi, akuima kuti atembenuke n'kutsokomolera kumbali, akuyambiranso. Ndinagona dzuwa lili pamutu, chitseko chili chotsegula, ndipo ndinadzuka nkhuku zikulowa.